Madzi Saiwala Khwawa, Ngakhale Pansi pa Matailosi

Mvula ya mu Januwale ikagwa pa Phiri la Dedza, munthu woima pa boma amaona ndi maso ake mmene madzi amagawanira dziko. Phirili ndi lalitali mamita 2,198 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, ndipo tauni ya m'tsinde mwake ili pa mamita pafupifupi 1,600, choncho dontho lililonse logwa kumeneko lili ndi ulendo wautali wotsika. Madzi ena amalowera kumpoto n'kukathira mu Linthipe, mtsinje umene umakafika ku nyanja cha ku Salima. Ena, a m'mapiri a kum'mawa kwa bomali, amagwera kuchigwa, kutsetsereka ndi Khwekhwerere mpaka ku Golomoti, Mua ndi Mtakataka. Palibe amawalozera njira. Khwawa limene lakhala louma kuyambira mu Meyi, ana akudyetsamo mbuzi, wina mpaka kudzalamo mpiru, limadzaza tsiku limodzi lokha n'kukokolola zonse zimene anthu anaikamo.

Madzi saiwala khwawa. Akuluakulu amaponya mwambiwu pokamba za anthu: mwana amene anasowera ku Joni zaka zambirimbiri koma tsiku lina n'kutulukira pakhomo, kapena munthu amene analumbira kuti khalidwe lakutilakuti walisiya koma n'kubwererakonso. Komatu usanakhale mwambi wa anthu unali nkhani ya madzi enieni, ndipo pali gulu limodzi loyenera kuumva momwemo, osaufunira tanthauzo lobisika. Amenewa ndi amisiri okonza pansi pa bafa.

Bafa la makolo silinkalimbana ndi madzi. Linkamangidwa kuseri kwa nyumba, chapatali pang'ono, mpanda wa udzu kapena mapesi, pamwamba pali pululu. Pansi ankayalapo miyala yafulati kapena zidutswa za njerwa. Wosamba ankaima pamenepo, madzi n'kulowa m'mipata, otsala n'kutsata kangalande kopita pa phata la nthochi. Dzuwa likatuluka, pofika masana pauma. Womanga bafa lotere ankayang'ana chinthu chimodzi asanazike mtengo woyamba: malowa apendekera kuti? Akalakwitsa, chilango chake chinali matope ndi fungo, ndipo mankhwala ake anali khasu basi.

Koma ku Dedza bafa limeneli lili ndi mdani. Mu Juni ndi Julayi, nkhungu itakuta mitengo ya paini m'phiri, mphepo imalowa m'mipata ya udzu n'kufika m'mafupa, madzi a m'chidebe n'kuzizira munthu asanamalize kupaka sopo. Ana ambiri a sukulu m'miyezi imeneyi amangosukusula n'kuthamanga. N'zosadabwitsa tsono kuti aliyense amene wapeza kangachepe, kaya pa mbatata ya kachewere ya ku Bembeke, kaya pa geni ya pachipata cha Mozambique, kaya pa ndalama zochokera ku Johannesburg, akayamba kumanga amafuna bafa la m'nyumba, la shawa ndi matailosi. Tauni imene kalembera wa 2018 anaipeza ndi anthu oposa 30,000 ikukwera m'zitunda, ndipo nyumba zatsopano zikukwera ndi mapaipi awo.

Chimene ambiri sachiwerengera ndi kuchuluka kwa madzi amene awaitanira m'nyumba. Tiyerekeze banja la anthu 6, aliyense akusamba chidebe chimodzi cha malita 20. Ndi malita 120 patsiku, oposa 40,000 pachaka, onsewo akugwera pa kangodya ka mita imodzi uku ndi uku. Mvula ya chaka chonse ku Dedza ikagwa pa malo aakulu chomwecho imakhala malita pafupifupi 1,000. Ndiye kuti pansi pa shawa pamagwa madzi ochuluka ka 40 kuposa padenga. Komatu pogula malata munthu amafunsa geji, amakwera yekha kukaona misomali, amakangana ndi kalipentala. Za pansi pa shawa amangofunsa mtundu wa matailosi.

Zotsatira zake sizionekera m'bafamo. Zimatulukira kuchipinda chogona, pa khoma logundana ndi bafa. Penti amayamba kutupa cham'munsi, kenako n'kusendeka. Pa pulasitala pamatuluka ufa woyera, umene ndi mchere wa mu njerwa ndi simenti wotulutsidwa ndi madzi. Zovala za mu wadiropu zimagwira nguwi. Felemu ya chitseko, ngati ndi ya paini, imafewa m'munsi, chiswe n'kupeza pofikira. Mwini nyumba amapala, amagula penti wina, amapaka, pakapita miyezi yochepa zabwereranso. Wina amaloza malata, wina maziko. Akalowa m'bafamo apeza matailosi ali waliwali, osasweka ngakhale limodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Anthu a ku Dedza ndiye sachita kuuzidwa za dongo lowotcha. Kuyambira 1987, pamene Christopher ndi Charity Stevens anatsegula Dedza Pottery, tauniyi yadziwika ndi makapu, mbale ndi matailosi ojambulidwa pamanja, ndipo ku Linthipe kuli dongo labwino loumbira limene akatswiri a za miyala analidziwa kalekale. Aliyense amene anamwerapo tiyi m'kapu yochokera mu uvuni wa kumeneko akudziwa kuti dongo likapsa bwino n'kukutidwa ndi galasi lija, madzi sadutsa. Tailosi nalonso n'chimodzimodzi. Koma kapu ndi chinthu chimodzi chathunthu, pamene pansi pa bafa ndi zidutswa makumi angapo, ndipo pakati pa chidutswa ndi chinzake pali mzere. Grout, simenti yosalala yotsekera mizereyo, imamwa madzi pang'onopang'ono, ndipo ikakalamba imachita timing'alu tosaoneka ndi maso. Madzi akalowa pamenepo safunsa kuti tailosi linagulidwa zingati. Amatsata kupendekera kwa simenti imene ili pansi pake. Ikapendekera ku dzenje la shawa, amapita kumeneko. Ikapendekera ku khoma la kuchipinda, amapitanso kumeneko, lero, mawa ndi chaka chamawa, njira yomweyomweyo.

Ntchito ya mmisiri ndi kuwakumbira madziwo khwawa iye mwini, asanadzikumbire okha.

Imayambira pansi penipeni, nyumba isanafoleredwe n'komwe. Nyumba zambiri za ku Dedza zili pa malo otsetsereka, ndiye kumtunda amadula dothi, kumunsi amathira. Dothi lothira limafuna kutsendera pang'onopang'ono, masentimita 15 nthawi imodzi, akuwaza madzi, osati kukhuthula mawilibala ambirimbiri n'kudutsapo kamodzi ndi chipika. Bafa kawirikawiri limaikidwa kuseri, mbali ya kumunsi kuti mapaipi atuluke mosavuta, ndipo kumeneko n'kumene dothi lothira limakhala lakuya kwambiri. Likatitimira patapita dzinja limodzi kapena awiri, konkire imatsala m'malere n'kuthyoka, mng'alu wake n'kukwera mpaka pa tailosi. Pamwamba pa dothi lotsenderalo pamabwera miyala, kenako mchenga wokwirira nsonga za miyalayo, mankhwala a chiswe, ndi pepala lakuda lapulasitiki loletsa chinyontho cha m'nthaka kukwera. Pepalali m'mahadiweya limapezeka, koma ndalama zikachepa limakhala m'gulu la zoyamba kudumphidwa, poti palibe mlendo adzalione.

Paipi yotulutsa madzi igone m'malo mwake konkire isanathiridwe. Ya shawa imakhala ya mamilimita 40 kapena 50, ndipo itsike masentimita 2.5 pa mita iliyonse. Ikagona chathyathyathya, tsitsi ndi mafuta a sopo zimakhazikika m'kati, tsiku lina wosamba n'kupezeka waima m'thamanda. Apa pali chizolowezi chimene chiyenera kutha. Posafuna kugula bendi, cholumikizira chokhota kale, amisiri ena amasonkha kamoto ka mapepala a simenti, amawamba paipi mpaka ifewe, n'kuipinda pabondo. Kunja imaoneka yokhota bwino. M'kati yakwinyika, njira yachepa, ndipo pulasitiki yowambayo siichedwa kusweka. Mtengo wa bendi sungafanane ndi wa kugumula konkire. Pulambala wodziwa ntchito yake amalumikiza ndi guluu wa mapaipi, amatseka kunja, amadzaza madzi, n'kuyang'ana polumikiza paliponse asanalole kuti fosholo yoyamba ya konkire igwepo.

M'bafa monse muli malo amodzi okha pamene madzi amapemphedwa kuti akhale. Ndi mu trap, kapaipi kokhota ka pansi pa dzenje la shawa. Timadzi totsalira m'menemo timatseka njira kuti mpweya wonunkha wa m'mapaipi, mphemvu ndi udzudzu zisakwere kulowa m'nyumba. Nzeruyi ndi yakale. Alexander Cumming, wokonza mawotchi wa ku Scotland, ndiye analembetsa paipi yokhota yotereyi ku London mu 1775. Zaka 250 zapita, komabe mabafa ena atsopano akumangidwa popanda trap, paipi kungochoka pa dzenje n'kulunjika ku soakaway, dzenje la panja lomwa madzi otayidwa. Eni ake amatha mabotolo a mankhwala onunkhira, osadziwa kuti fungolo likuchokera pansi pa mapazi awo.

Konkire ikakhwima, pamwamba pake pamabwera screed, simenti yosakaniza ndi mchenga imene imaumba nkhope ya pansi pa bafa. Muyezo wake ndi gawo limodzi la simenti pa magawo 4 a mchenga. Simenti, kaya ya Shayona ya ku Kasungu kapena ya Portland ya ku Blantyre, imabwera m'thumba la makilogalamu 50 itayesedwa kale ku fakitale. Mchenga ndiye palibe amauyesa. Ngolo ikatula mulu pakhomo, mmisiri wosamala amatapako pang'ono m'botolo, amathiramo madzi, amakhutchumula, n'kuliika pawindo. Pakapita maola angapo mchenga wakhala pansi, matope aundana pamwamba pake. Matopewo akakhala ochindikala ndiye kuti mchengawo ngwa m'dambo, ndipo screed yake idzafumbutuka. Uyenera kutsukidwa kapena kubwezedwa. Madzi osakanizira nawonso asachuluke. Munthu akafumbata m'manja, zosakanizazo zigwirane osadontha. Anyamata othandiza amakonda zamadzimadzi chifukwa sizilemetsa fosholo, koma zimenezo zikamauma zimakokana n'kung'aluka.

Apa tsono m'pamene mmisiri amasiyana ndi wongogwira mpeni womangira. Amatenga kapaipi koonekera m'kati, amakadzaza madzi, iye kugwira uku, mnyamata wake uko, n'kulemba ndi pensulo mzere wofanana kuzungulira makoma onse anayi. Madzi omwewo amene akuwakonzera njira ndiwo akumuuza pamene pali pofanana. Kuchokera pa mzerewo amayeza kutsika. Pakamwa pa dzenje ndiye potsika koposa, ndipo kuchoka pamenepo mita iliyonse ikwere masentimita 1.5 kapena 2. Amaumba timilu ta simenti m'ngodya ndi pakhomo, kalikonse pa msinkhu wake. Amanyowetsa konkire n'kuipaka phala la simenti kuti zatsopano zigwirane ndi zakale, kenako n'kumakoka thabwa lowongoka kuchoka pa kamulu kupita ku dzenje, akuthira pochepa, akupala pochuluka. Akaika levulo, kathovu kaja sikayenera kukhala pakatikati. Kapatuke pang'ono, kuthawira mbali yotalikirana ndi dzenje. Eni nyumba ena akaona zimenezi amadandaula kuti pansi papendekera, chonsecho poyenera kudandaula ndi pamene sipanapendekere. Ndipo bafa lonse likhale lotsikirako masentimita 2 kapena 3 poyerekeza ndi mu kolido, kuti tsiku limene dzenje latsekeka madzi asakafike pabalaza.

Zikatha izi ntchito yotsatira ndi kudikira, ndipo mikangano imayambira pamenepa. Simenti siilimba chifukwa chouma. Imalimba chifukwa chomwa madzi. Screed yatsopano imafuna kufunditsidwa masaka onyowa kapena pulasitiki kwa masiku 7, ndipo mphamvu ya konkire akatswiri amaiyeza pa tsiku la 28. Ikakhwima iyeneranso kutulutsa chinyontho chake isanavindikiridwe. Opanga simenti yomatira matailosi, imene m'masitolo amangoitchula kuti adhesive, amalangiza kudikira masabata 6 pa konkire yatsopano ndi 3 kapena 4 pa screed. Ku Dedza masabata amenewa ndi poyambira chabe, chifukwa kuzizira kumachedwetsa zonse ziwiri, kukhwima ndi kuuma komwe. Pamene screed yauma ku Mtakataka, kunsi kwa phiri, inzake yothiridwa tsiku lomwelo pa boma mu Julayi ikadali yaiwisi. Mphepo ya mwera nayo imanyenga, imaumitsa pamwamba m'kati muli chinyontho. Kuyesa kwake n'kosavuta. Munthu amate kachidutswa ka pulasitiki pansi, atseke ndi tepi mbali zonse, akasiye usiku wonse. M'mawa kakapezeka ndi mame kunsi kwake, nthawi sinakwane.

Mawu omveka pa malo ambiri omanga ndi akuti, "Achimwene, alendo akubwera Loweruka, tangoikani." Mmisiri woopa kutaya kasitomala amayankha kuti, "Chabwino abwana, tiyesetsa," n'kuika. Woona patali amati, "Abwana, alendowo asambe kaye panja." Wachiwiriyu kawirikawiri saitanidwanso.

Pakauma, matailosi asanabwere, pamafunika mankhwala oletsa madzi. M'mahadiweya akuluakulu a ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 85 pa msewu wa M1, amapezeka a mitundu iwiri: a ufa wa simenti osungunula ndi madzi ake, ndi a m'ndowa opaka pamodzi ndi kansalu. Onse amapakidwa kawiri, kachiwiriko mopingasa, koyamba kutauma. Pansi ponse papakidwe, mankhwalawo akwere khoma masentimita 15 kuzungulira chipinda, ndipo m'kati mwa shawa akwere mpaka mamita 1.8. Posamala kwambiri ndi m'ngodya, pamene khoma lakumana ndi pansi, ndiponso pozungulira paipi iliyonse yoboola khoma. Khoma ndi pansi ndi zinthu ziwiri, chilichonse chimasuntha pachokha ngakhale pang'ono chabe, choncho mng'alu woyamba umabadwira pamenepo. Ntchito ya kansalu kaja ndi kutamuka m'malo mong'ambika. Kenako mmisiri atseke dzenje, adzaze madzi masentimita angapo, alembe mzere ndi pensulo, azipita kwawo. Mawa nthawi yomweyo madzi akapezeka pa mzere, zayenda. Akatsika, kuli bwino kudziwa lero pansi pakadali poyera.

Thireyi ya shawa inabwera kudzachepetsa mavuto amenewa. Ndi chibeseni chosaya, kawirikawiri cha masentimita 80 kapena 90 mbali zonse, chopangidwa ndi pulasitiki yolimba ya acrylic, chitsulo chokutidwa, dongo lowotcha, kapena miyala yopera yosakaniza ndi utomoni. Ilibe mizere, ndipo kupendekera kwake anaumbiratu ku fakitale. N'chifukwa chake lamulo lake limasemphana ndi la screed. Pa thireyi kathovu ka levulo kakhale pakatikati ndendende, m'mbali zonse zinayi ndiponso mopingasa kuchoka ngodya kufika ngodya. Mmisiri amene amati aithandize poipendeketsa pang'ono ndiye amaiononga, madzi amakaunjikana ku mlomo n'kusefukira.

Kuika kwake kumayamba popanda simenti. Amaigoneka kaye pamalo pake, kuona ngati dzenje lake lakumana ndi trap, kulemba malire ake ndi pensulo, n'kuichotsa. Makoma a nyumba zathu sakhala olunjika ndendende, ndiye nthawi zina pamafunika kusema pulasitala pang'ono kuti mlomo wa thireyi ulowe. Kenako amayala matope a simenti ofewa, gawo limodzi pa magawo 5 a mchenga, kudzaza malo onse amene pensulo yazungulira. Anthu awiri amaitsitsa pang'onopang'ono, kuikankha ndi zikhatho, kuyeza, kugogoda pang'ono ndi chibakera, kuyezanso. Chimene chimapha mathireyi ambiri ndi kuwakhazika pa njerwa zinayi za m'ngodya, pakati pali mphako. Munthu wa makilogalamu 80 akamaimapo m'mawa uliwonse, acrylic imawerama n'kubwerera, mpaka tsiku lina mng'alu n'kutulukira pafupi ndi dzenje, kapena mphira wolumikiza trap n'kumasuka. Kudontha kwa pamenepo palibe amakuona. Ngati paipi sinaikidwe mu konkire, thireyi imakwezedwa pa kansanja ka njerwa, koma pamwamba pa kansanjako pakhalebe podzaza, ndipo mbali imodzi pasiyidwe kakhomo kotsegula pokonza trap. Ikakhazikika alumikize, athire chidebe, asuzumire kunsi, aivindikire ndi katoni, ndipo pasaponde munthu mpaka mawa.

Komabe thireyi yokha siikwanira pa kasambidwe kathu. Anaipangira munthu woima pansi pa mpopi, madzi akugwa pang'onopang'ono, galasi litatchinga mbali zonse. Kuno madzi akasiya kutuluka m'mipopi, kapena magetsi akazima giza n'kuzizira, anthu amatereka madzi pa mbaula n'kulowa ndi chidebe. Amasambitsa ana awiri nthawi imodzi, amachapiramo, ndipo pokolopa amakhuthula madzi pansi ponse n'kukankha ndi tsache. Kapepala ka malangizo kobwera m'katoni sikanalembedwere banja lotere. Bafa la kuno liyenera kukhala ndi dzenje lachiwiri kunja kwa thireyi, lokhala ndi trap yakeyake, ndipo screed ya chipinda chonse ipendekere kumeneko.

Matailosi amabwera pomalizira, ndipo nawonso asintha kuposa mmene amisiri ena azindikirira. Akale anaphunzira kuwaviika mu mgolo wa madzi usiku, m'mawa n'kuwakhazika pa simenti wamba. Njirayi imagwira pa tailosi la ceramic, limene kumbuyo kwake kumamwa madzi n'kugwirana ndi simenti. Koma pakati pa matailosi amene adzaza m'masitolo, ochokera ku China, Tanzania, Zambia ndi South Africa, muli ambiri a porcelain, owotchedwa kwambiri moti madzi amene amamwa sapitirira theka la peresenti imodzi ya kulemera kwawo. Amenewa angagone mu mgolo sabata yathunthu, simenti wamba siwagwira. Amafuna adhesive yopangidwira porcelain, yoyala ndi mpeni wa mano, mizere yake kulunjika mbali imodzi, kumbuyo kwa tailosi n'kupakakonso. Ndipo mmisiri aziyala pang'onopang'ono, pamene angaphimbe adhesive isanaume pamwamba.

Chinyengo chofala ndi cha timibulu tisanu, kamodzi pa ngodya iliyonse ndi kamodzi pakati. Thumba limodzi limafika patali, ntchito imathamanga, pamwamba pamaoneka bwino. Koma pansi pa tailosi lililonse patsala mphako, ndipo mphakozo zalumikizana kuchoka ku shawa mpaka ku khoma: khwawa lokumbiratu, lofoleredwa ndi matailosi okwera mtengo. Mwini nyumba akhoza kudzigwirira yekha chinyengochi. Atenge ndalama yachitsulo kapena chigwiriro cha sikuludiraiva, agogode tailosi lililonse pakati ndi m'ngodya. Lokhala bwino limayankha mogontha, la mphako limalira ngati kang'oma.

Amene ali m'fasho ndi aakulu aja a masentimita 60, koma tailosi silipindika. Pansi popendekera ku dzenje kuchokera mbali zinayi pamafuna ang'onoang'ono, kapena aakuluwo adulidwe mopingasa kulunjika ku dzenje. Wokana kudula amathera pofafaniza kupendekera kuja ndi adhesive, ntchito ya masabata onse aja n'kupita pachabe. Ndipo a waliwali ndi a pakhoma. Pansi ponyowa, pali sopo, pamafuna okhakhala pang'ono. Agogo akaterereka pa tailosi losalala, nkhani imakathera kuchipatala.

Mizere isiyidwe ya mamilimita 2 kapena 3. Ena amaikamo timitanda tapulasitiki, ena mitengo ya machesi, zonse zimatheka bola mzere ukhalepo. Grout ilowe adhesive itauma, patapita tsiku. Koma m'ngodya, ndi pamene tailosi la pakhoma lakumana ndi thireyi, grout isafikepo. Madzi otentha akagwera pa thireyi yozizira ya m'mawa wa ku Dedza, imafutukuka pang'ono n'kubwerera, grout n'kusweka. Pamenepo ndi pa silikoni ya m'bafa yosagwira nguwi, yopaka pouma ndi poyera. Tailosi la pakhomalo litsikire pamwamba pa mlomo wa thireyi, osati kuseri kwake, kuti madzi otsika ndi khoma agwere m'kati.

Palibe chachinsinsi pa zonsezi. Zambiri zimaphunzitsidwa m'maphunziro a zomangamanga ndi za mapaipi m'makoleji a ntchito zamanja monga Namitete, Lilongwe ndi Salima, pansi pa TEVETA imene inakhazikitsidwa mu 1999, ndipo anyamata amene anagwirapo ntchito yomanga ku South Africa ambiri anabwera akuzidziwa. Chimene chimagonjetsa nzeruzi ndi kalipiridwe. Woika matailosi amalipidwa pa mita. Masiku 7 othirira screed alibe mita. Tsiku loyesa madzi lilibe mita. Kudula matailosi mopingasa kumadya theka la tsiku osaonjezera kanthu pa malipiro. Munthu amene ali ndi ana oti adye madzulo amawerengera mwachangu, ndipo kumuimba mlandu yekhayo n'kusaona bwino. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja anakwera mtengo, eni nyumba n'kuyamba kudula mndandanda wa zogula. Matailosi sadulidwa, poti amayi a m'nyumba anawasankha kale ndipo aneba anawaona akutsitsidwa. Zodulidwa ndi ndowa ya mankhwala oletsa madzi, pepala lakuda, bendi, trap, ndi matumba awiri a adhesive. Akuluakulu anati konza kapansi kuti kam'mwamba katsike, koma bajeti zambiri zimalembedwa kuyambira pamwamba.

Zimanyanya mwini nyumba akakhala kutali. Nyumba zambiri zikumangidwa ndi anthu amene ali ku Johannesburg kapena ku Cape Town, m'bale akuyang'anira, ndalama zikubwera pafoni, umboni wa ntchito ukupita pa WhatsApp. Chithunzi chimaonetsa mtundu wa tailosi ndi kuwongoka kwa mizere, koma masentimita 2 pa mita sichionetsa. Wotumiza ndalama angachite bwino kugawa malipiro patatu, a screed, a mankhwala ndi thireyi, ndi a matailosi, masiku odikira n'kuwaika m'pangano ndi mtengo wake. Pa gawo lililonse apemphe kavidiyo m'malo mwa chithunzi. M'bale wakeyo aime pakhomo la bafa, akhuthule chidebe chodzaza pa ngodya yakutali, ndipo foni isasunthe mpaka madzi onse atalowa m'dzenje. Akatero atuluke nayo panja, aonetse pamene paipi yatulukira, kuti zidziwike ngati madziwo akulowa mu soakaway yotalikirana ndi maziko kapena akungoyenderera kulowera pakhomo pa aneba a kumunsi.